Chikombole Chakana

Lachisanu madzulo. Kasungu wapsa ndi dzuwa la Okutobala,
malata a labu akuthetheka okha,
ine ndatsala ndi makompyuta makumi atatu
ondiyang'ana ndi nkhope zakuda.

Lolemba kuli mayeso.

Ndinamanga kompyuta m'mimba mwa inzake,
yopanda thupi, yosagwira fumbi,
ndinaiveka mapulogalamu onse
amene mayi Chilinda analemba kuseri kwa envulopu.
Chatsala n'kuijambula, ikhale chikombole
choumbira njerwa makumi atatu zofanana.

Kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini
ngati lole ya fodya yopita ku Chinkhoma italemedwa.
Kafika pa 87.
Kaima.
Kenaka mawu ofiira, aafupi ngati yankho la wangongole:
zakanika.

Aka n'kachitatu.

Ndazimitsa, ndayatsa, monga achitira aliyense.
Ndazula chingwe cha netiweki, ndachiuzira mpweya, ndachibwezera.
Ndati mwina disiki yakhuta,
koma malo ali mbwee, munda wosalima.
Pasiwedi ndailembanso ndi chala chimodzi
monga alembera a Kachiwanda, mlonda wathu, pa foni yawo yong'aluka.
Ndatukwana chamumtima amene anatigulitsa seva iyi,
ndatukwananso fani yomwe ikungotakasa kutentha.

Chitseko chalira.
Tinenenji wa chaka chachiwiri wabwerera kudzatenga chaja yake.
Waima kumbuyo kwanga, chikwama paphewa.
"Sala, logi mwaiwerenga?"

Manyazi andigwira pakhosi.
Si ndine kodi ndimawauza m'kalasi
kuti makina sasunga chakukhosi,
chilichonse chowapweteka amalemba?

Tatsegula.
Mizere zikwizikwi, linthumbu pa khoma loyera.
Chala chake chatsika, chatsika,
chabwerera pang'ono.
"Taonani deti."

Seva ikuti lero ndi pa 1 Januwale, 2010.

Ndiye ndakumbuka Lachitatu lija magetsi anathima,
jenereta n'kukana mafuta ochepa.
Kabatire ka wotchi ya m'kati, kongofanana ndi kobidi,
kanafa kale mwakachetechete,
ndipo seva inadzuka ngati munthu wodwala nthawi yaitali
wofunsa za anthu amene tinaika kale.
Ikagogoda ku nkhokwe yosungira zithunzi,
nkhokwe n'kuionetsa chiphaso cha chaka chino,
iyo ikuti: chaka chimenecho sichinafike,
sindikudziwani, sindikupatsani kanthu.

Maola anayi ndakhala ndikukumba chitsime
madzi ali m'ndowa pambali panga.

Pakona pali kompyuta nambala 14,
inaphedwa ndi mphenzi dzinja latha,
palibe anasaina pepala loitaya.
Tinenenji wamasula zomangira ndi nsonga ya kiyi,
wazula kabatire kake, wakapukuta pa siketi.
Wakufa wabwereka wamoyo mtima.

Ndakonza wotchi. Ndalemba tsiku la lero, ola, mphindi.
Chala changa chinazengereza pa chaka, ndisaname:
mu 2010 bambo anali moyo,
ankandidikira pa depoti ndi njinga yawo ya kapalasa
ine ndikuchokera ku koleji ndi chikwama cha zovala zakuda.
Seva iyi sindingaiseke kwambiri.

Tayambanso.
Makumi anayi. Makumi asanu ndi awiri.
A Kachiwanda asuzumira pa windo, makiyi akulira m'manja,
tawakodola kuti adikire.
85. 86.
87 yakhala, yakhala,
Tinenenji waluma chingwe cha chaja,
ine ndagwira m'mphepete mwa tebulo ngati ndili pa kabaza wopanda mabuleki.

88.

Palibe wakuwa. Tangopumira limodzi.

Pofika pa 100 kunja kunali kutada,
phiri la Kasungu litasungunuka mu mdima.
Mawa ndiumba njerwa zanga, imodzi imodzi.
Pa bolodi ndalemba ndi choko, zilembo zazikulu,
osati za ophunzira ayi:
yamba wafunsa makina kuti lero n'lachingati.

Tinenenji wapita.
Chaja waiiwalanso pa tebulo.